Kupweteka kwa Bondo: Kodi Opaleshoni Ingathandize?

Pakati pa odwala amene amafika pa chipatala cha Mzimba Boma ndi cha Embangweni, sipaloŵa odandaula za bondo: limapweteka potsika chitunda, pogwada, ponjuta, kapena povina ingoma, ndipo nthaŵi zina limamveka ngati muli mchenga. Kaŵirikaŵiri gwero lake lili kuseri kwa kafupa kozungulira ka pamwamba pa bondo.

Kuseri kwa kafupako kuli chichereŵechereŵe, chija choyera ndi chosalala chimene chimaoneka kunsonga kwa fupa la mbuzi. Mulibe mitsempha ya magazi m'menemo, motero chikaperepeseka sichimeranso monga limapolera bala la pakhungu. Pa ekisirei wamba sichiwonekanso bwino.

Madokotala a mafupa ayesa njira zingapo. Ena amaboola timabowo pa fupa kuti magazi atuluke ndi kupanga chipsera chotseka malowo, koma chipseracho sichilimba ngati chichereŵechereŵe chenicheni. Mu 1994 madokotala a ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anafalitsa zotsatira za njira ina: anatenga maselo a m'bondo la wodwala yemweyo, naŵachulukitsa m'labotale, naŵabwezera pamalo owonongeka. Mwa odwala 16 ovulala kunsonga kwa fupa la ntchafu, 14 anapeza bwino. Koma mwa 7 a kafupa ka pabondo, aŵiri okha ndiwo anachira mokhutiritsa.

Masiku ano kwamveka za jekeseni wa maselo otchedwa stem cell, otengedwa m'mafuta a m'mafupa kapena a m'thupi. Achibale okhala ku Joni angatumize uthenga wa zimenezi, koma njirayi ikali kufufuzidwa, ndipo palibe umboni wokwanira wakuti imameretsanso chichereŵechereŵe. Si chinthu chogulitsira ng'ombe.

Ambiri safunika opaleshoni konse. Chothandiza ndicho kulimbitsa minofu ya ntchafu: wodwala agone chagada pamphasa, awongole mwendo, aukweze pang'ono, aŵerenge mpaka 5, nautsitse, achite zimenezi kakhumi m'maŵa ndi madzulo kwa miyezi itatu. Achepetse kugwada ndi kusenza katundu wolemera. Kutema mphini sikufika kumene kuli vuto.

Bondo likatupa, kutentha, wodwala n'kumva malungo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Likamakanika kuwongoka kapena kafupako kakamaguluka, sing'anga wa mafupa pa Boma ndiye angamutumize ku Mzuzu Central Hospital.