Ukufuna Kulemba za Mtendere Uli pa Sofa?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Woodlands kwa makolo anga. Ndikulemba buku la nkhani yopeka, ndipo mtsikana wa m'nkhaniyo amakhala ku Mtendere. Ineyo sindinaloweko, ndimangodutsa pagalimoto mumsewu wa Alick Nkhata. Ndayang'ana mapu pa Google, ndawerenga za kolera ndi madzi osefukira ku Kanyama, ndipo ndalemba kale mitu inayi. Chibwenzi changa chitawerenga chinaseka mpaka misozi. Ndichite chiyani kuti komboni yangayo imveke yeniyeni?

Mlembi wothedwa nzeru, Woodlands

Mwana wanga,

Chibwenzi chakocho uchigwiritsitse. Ena akanakuyamikira pamaso, iwe utachoka n'kuyatsira mbaula mapepala akowo.

Tsono tandiuza, pakati pa Woodlands ndi Mtendere anaikapo nyanja liti? Ukangodutsa Kabulonga wafika. Amayi ambiri amene amachapa ndi kusita kumayadi kwanuko amayenda mtunda umenewo wapansi m'mamawa, iwe ukadali m'bulangete, koma mlembi wathu akudikira Google imuuze mtundu wa fumbi lake. Kalanga ine!

Chakusekedwa nacho ndi ichi: watenga matope a ku Kanyama n'kuwathira ku Mtendere ngati kuti makomboni onse ndi mapasa. Kanyama ili kumadzulo kwa tauni, pamalo osatsetsereka, pansi pali thanthwe la laimu, n'chifukwa chake mvula ikagwa madzi amangokhala pakhomo osadziwa kolowera. Mtendere ili kum'mawa, ndipo chibadwidwe chake n'china. Inayamba mu 1967 ngati malo amene akuluakulu a mzinda anadula mapuloti, kulambula misewu ndi kuika mipope, kenako n'kuuza anthu kuti nyumba adzimangire okha. Ndiye ukayenda mbali yakale ija upeza misewu ili m'mizere, osati tinjira tokhotakhota timene walemba iwe. Tinjira timeneto ukawone kwa aneba ku Kalikiliki. Kuthithikana kwa ku Mtendere kuli mkati mwa mpanda: mwini puloti anamanga nyumba yake, kenako zipinda ziwiri kuseri, ana atakula zina zitatu, mpaka malo otsala ndi oyanika zovala basi.

Buku lako likagona pamenepo, pabwalo la alandilodi. Mabanja asanu, mpope umodzi, chimbudzi chimodzi chokhoma ndi loko, kiyi wake ali pa msomali umene aliyense amaudziwa kupatula mlendo. Mita ya magetsi ya Zesco ndi imodzinso. Mwezi ukatha onse amasonkha za mayuniti mofanana, koma pasanathe sabata ziwiri kamita kayamba kulira, ndiye mlandu wayamba. Ndani anabisa kasitovu pansi pa bedi? Bwanji mnyamata wa chipinda chakumapeto amatuluka malaya osalala chonchija pamene akuti alibe simbi? Mayi wina amaloweza nambala za pamita asanapite ku msika, pobwera n'kuwerengetsa kuposa akalaliki a ku banki. Palibe amene amatukwana, onse amapatsana moni bwinobwino, koma nyimbo imene mmodzi amaimba posesa imakhala ndi mwini wake. Iwe ukuthamangira kolera ndi zigawenga za mipeni, pomwe nkhondo yokwanira mitu khumi ili pa kabokosi kapakhoma.

Ndipo mtsikana wa m'nkhani yakoyo akukhala chaka chanji? Sunandiuze, ndiye ndikukayika ngati iwe mwini ukudziwa. Ngati ndi 1989, mayi ake ali pamzere ndi makuponi a ufa, ndipo mlandu wa pabwalo ukupita kwa atcheyamani a UNIP. Ngati ndi 2011, kondakitala akutchula mitengo m'masauzande, chifukwa maziro atatu anawadula pa kwacha mu January 2013. Timowa ta m'mapaketi ta tujilijili boma linaletsa mu 2012, ndiye usatipachike poyera pa kantemba m'nkhani ya lero. Ngati ndi 2024, chilala chaphwetsa Kariba, magetsi akubwera pakati pa usiku ndipo bwalo lonse likudzuka kutchaja mafoni, wogulitsa malasha ndiye bwana. Owerenga a ku Mtendere akhoza kukukhululukira chikondi chosamveka, koma mtengo wa basi ukaulakwitsa, buku atseka pomwepo.

Kuwerenga werenga ndithu. Mayi wina wobadwira ku Denmark, Karen Tranberg Hansen, anayamba kucheza ndi mabanja a ku Mtendere mu 1971, n'kumabwererako zaka zambiri, mpaka anatulutsa buku lotchedwa Keeping House in Lusaka mu 1997. Munthu anawoloka nyanja, iwe msewu wakukanika. Namwali Serpell nayenso anaika Kalingalinga mu The Old Drift ya 2019. Uwone mmene anachitira, koma usakabe nkhuku za aneba.

Pakamwa pa anthu ako ndi pomwe ndikuopa kwambiri. Ndikudziwa kale kuti mtsikana wakoyo akulankhula ngati akuwerenga Buku Lopatulika paguwa. Ku Mtendere munthu amati "nifuna", amati "ba landilodi", Chibemba ndi Chingelezi zikulowa ndi kutuluka m'chiganizo chimodzi popanda kugogoda. Agogo ochokera ku Petauke akapsa mtima Chinsenga chimabwerera chonse, mdzukulu n'kuyankha m'chilankhulo cha pa TikTok. Khala pa benchi ya wometa, kwera minibasi kumpando wakumbuyo, imirira pafupi ndi kabuthi ka Airtel tsiku la malipiro. Umve mmene mayi amapemphera kapamela ka ufa pangongole osatchula liwu loti ngongole, ndiponso mmene a chilimba amakumbutsira mnzawo amene wadya kale koma sakusonkha.

Koma usapite ndi kamera pakhosi ndi kabuku m'manja, ukufunsa anthu kuti amadya kangati patsiku. Otero anabwera ambiri, anajambula ana, osabweranso. Pereka moni, gula tomato, uwauze zoona kuti ukulemba buku. Maliro akachitika pamzere wanu, sonkha, ukakhale panja ndi azibambo pamoto mpaka kuche. Zimene ukamve usiku umenewo sukulu yako yonse sinakuphunzitse, koma si zonse zolemba. Mayina usinthe, nambala ya puloti usinthe, ndipo chinsinsi cha mwini wake chimene ngakhale atasintha dzina aneba angachizindikire, chisiye. Iwe udzabwerera ku Woodlands, iyeyo adzatsala akutunga madzi pampope womwewo ndi anthu amene awerenga.

Choncho uwauze amayi ako kuti mwana wawo akusamuka kwa mwezi umodzi. Tenga matiresi, ndowa, kapoto ndi mbaula, galimoto ya adadi isiye. Peza chipinda kudzera mwa munthu wodziwika kumeneko, wa kutchalitchi kapena wa kuntchito. Lendi amalipiriratu mwezi usanayambe, ndipo usakayese kuwauza alandilodi kuti udzawalipira buku likadzagulidwa.

Ndine,
Azakhali ako