Chotupa cha pa khutu chakhotetsa pakamwa pa amayi

Adokotala,
Ndine mwana wa Amalawi amene anachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi kuno ku Honde Valley. Amayi anga ali ndi chotupa kutsogolo kwa khutu lakumanja. Chakhala zaka zambiri osawawa, ndipo tinkangoti ndi mwanabere. Chaka chino chakula msanga, chalimba, pakamwa pawo pakhota ndipo diso silikutsinzina bwino. Kukiliniki anawapatsa mankhwala opha tizilombo kawiri, osasintha. Alongo awo ku Chipinge akuti tikawatemere mphini. Titani?
Wodandaula, Honde Valley

Achimwene,
Mphini ayi, ndipo wina aliyense asaboole kapena kucheka chotupacho mwachisawawa. Malo mwatchulawo ndi pamene pali kachiwalo kakakulu kopanga malovu, kotchedwa parotid. Tina tili pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime. Zotupa zambiri za mu parotid si khansa: zimakula pang'onopang'ono, zimasuntha mukazikhudza. Matsagwidi amatupitsanso pomwepo koma amatha m'masiku ochepa, ndipo kwa ena amene ali ndi HIV mumatuluka timatumba ta madzi, kawirikawiri mbali zonse ziwiri.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi pakamwapo. Mtsempha umene umayendetsa nkhope umadutsa mkati mwenimweni mwa parotid. Chotupa wamba chimangoukankhira pambali, pamene khansa imaulowerera, n'chifukwa chake diso limakana kutseka. Ambiri amaganiza za sitiroko. Koma chotupa chakale chikasintha khalidwe chonchi, ife timayamba taganiza za khansa mpaka titatsimikiza kuti siyo, pakuti mtundu wina wosaopsa, pleomorphic adenoma, ukakhalitsa umatha kusanduka khansa.

Sindinganene dzina la nthendayi ndisanawaone, ndipo ngakhale dokotala wowaona sangadziwe ndi manja okha. Khansa za tiziwalo ta malovu ndi zosowa komanso zamitundumitundu. Mucoepidermoid carcinoma ina imafatsa, ina imathamanga. Adenoid cystic carcinoma imayenda motsatira mitsempha ndipo imatha kubwerera patapita zaka zambiri. Kuzisiyanitsa ndi ntchito ya katswiri wa mulabotale.

Pitani nawo ku chipatala cha boma ku Hauna sabata ino, mukapemphe kalata yowatumiza ku chipatala cha Victoria Chitepo ku Mutare. Mukanene mawu awa poyambirira: chakula msanga, nkhope yakhota. Chofunika ndi sikani ya ultrasound, kenako kasingano kakang'ono kokoka timaselo kuti tikaunikidwe pa maikulosikopu. Kasinganoko sikafalitsa nthenda monga ena amaopera. Nthawi zina yankho silimveka bwino, ndiye amabwereza kapena kutenga kamnofu ndi singano yokulirapo, musakhumudwe nazo. CT kapena MRI imaonetsa kuzama kwa chotupa ndi anabere a m'khosi. Opaleshoni ikafunika, kapena chithandizo cha radiotherapy pambuyo pake, mwina adzakutumizani ku chipatala cha Parirenyatwa ku Harare.

Ndikudziwa kuti pa malipiro a pa esiteti ulendo wa ku Mutare si masewera, choncho tengani makadi onse akuchipatala, ndipo musachoke musanafunse tsiku lotenga zotsatira. Pakadali pano diso losatsekalo lisaume: masana azidonthezamo mankhwala onyowetsa m'maso, usiku muzitseka chikopecho ndi kapulasitala.
Dokotala