Ndani Adzalankhulira Mwana Wosowa Pogona?

Kuwerenga: Miyambo 31:1-9, 20

Amayi okondedwa mwa Ambuye, chaputala chimenechi timachikonda chifukwa cha mkazi wangwiro. Koma taonani mmene chikuyambira. Ndi malangizo amene mfumu Lemueli anaphunzitsidwa ndi amayi ake, akuti azilankhulira anthu osatha kudzilankhulira okha ndi kuteteza aumphawi pamlandu. Anali mayi amene anaphunzitsa mfumu chilungamo. Udindo womwewo uli pa ife lero chifukwa cha ana ovutika a m'sukulu zathu za boma.

1. Kodi ana amenewa ndani?

Muno m'Zambia maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 2002, ndipo mu 2022 boma linachotsanso malipiro ku sekondale. Tiyamike Mulungu, pakuti ana ambiri anabwerera m'kalasi. Koma kuchotsa malipiro sikupatsa mwana pogona. Alipo amasiye amene lero agona kwa azakhali, mawa kwa mnzawo. Alipo atsikana akumudzi amene amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu chifukwa kwawo n'kutali, ndipo ufa ukatha amagwa m'manja mwa amuna achinyengo. Aliponso anyamata amene amanyamula katundu pamsika mpaka usiku, nagona pakhonde la sitolo.

M'kalasi mwana wotere amaodzera, amajomba, ndipo ntchito yolembera kunyumba sachita, popeza nyumbayo alibe. Anthu amati ndi waulesi, pamene vuto lake ndi njala ndi mantha.

2. Thandizo lilipo, wolitsatira ndiye palibe

Thumba la CDF limalipirira ana osauka ku sekondale zogonera komweko, ndipo mafomu ake amadzera ku komiti ya chitukuko ya mu wadi. Ndondomeko ya Keeping Girls in School imathandiza atsikana ochokera m'mabanja olandira Social Cash Transfer. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pakati amaloledwa kubwerera kusukulu akachira. M'maboma athu muli maofesi a Social Welfare oyang'anira ana osowa owasamala.

Koma zonsezi zimafuna munthu wamkulu woti atenge fomu, achitire umboni, ndi kubwererako kawiri katatu kukafunsa. Mwana wosowa pogona alibe munthu wotero. N'chifukwa chake wovutikitsitsa ndiye amatsalira. Mayi wa Chigwirizano, pamene pasowa munthu ndi pamenepa.

3. Tichite chiyani?

(a) M'dera lililonse la mpingo amayi awiri alembe mwachinsinsi ana a sukulu osowa pokhala penipeni, a mpingo wathu ndi akunja omwe.

(b) Kaonaneni ndi mphunzitsi wa uphungu pasukulu. Iye amadziwa amene akujomba ndi chifukwa chake.

(c) Perekezani mwana kwa kansala kapena ku ofesi, ndipo musaleke mpaka yankho litatuluka.

(d) Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, khalani m'malo mwa kholo lake, ndipo mulankhule ngati ana akubwezedwa chifukwa cha yunifomu kapena nsapato.

(e) Patulani gawo la zopereka zathu kugula makope, sopo ndi zovala za kumwezi za atsikana.

Chenjezo ndi ili: tisaimike mwana kutsogolo kwa mpingo kuti onse aone umphawi wake. Ndipo amene wamutenga kunyumba asamusandutse wantchito. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Adye mbale imodzi ndi ana athu, nayenso apeze nthawi yowerenga.

Mafunso okambirana

1. Ndi ana angati pafupi ndi kwanu amene simudziwa kumene amagona?
2. Chimatiletsa kuwalankhulira n'chiyani: mantha, manyazi kapena kutanganidwa?
3. Ndani pakati pathu adzapita kusukulu sabata ino?

Pemphero

Atate wa ana amasiye, tipatseni maso oona ana obisika m'mavuto, ndi kulimba mtima kuti tiwalankhulire kwa akuluakulu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.