Usanakakalipire wogulitsa, yamba wawerenga

Mphwanga, ukagula hard drive yolembedwa 1 TB n'kuilumikiza pa kompyuta ya Windows, idzakuonetsa 931 GB. Usathamangire kusitolo mtima uli m'mwamba. Palibe wakubera.

Nkhani yagona pa muyeso. Kwa opanga zipangizozi, gigabyte imodzi ndi mabyte 1,000,000,000. Windows imawerenga pochulukitsa ndi 1,024 m'malo mwa 1,000, ndiye ikamati GB imatanthauza mabyte 1,073,741,824. Chimanga n'chomwecho, koma ukachiyeza ndi ndowa yaikulupo, chiwerengero cha ndowa chimatsika. Motero 500 GB imaoneka 465, ndipo fulashi ya 64 GB siifika 60. Mu 1998 bungwe la IEC linapatsa muyeso waukuluwu dzina lakelake, gibibyte, kuti chisokonezo chithe. Apple inasintha mu 2009, makompyuta ake a Mac n'kuyamba kuwerenga ngati zolembedwa pabokosi. Microsoft mpaka lero ikulembabe GB, ndipo ine mlandu wa mikangano yam'masitoloyi ndimaupereka kwa iyo.

Pa foni napo, Android ndi mapulogalamu obwera nayo amakhala atadya kale malo ena iwe usanajambule chithunzi n'chimodzi chomwe.

RAM ndi nkhani ina. Imeneyi imagulitsidwa pa muyeso wa 1,024 womwewo, choncho 8 GB imakhala yokwanadi. Ukaona kuti yogwiritsa ntchito ndi 7.8, dziwa kuti mbali yojambula zithunzi pa sikirini yabwerekako, monga zimachitikira m'malaputopu ambiri otsika mtengo. Koma ukaona 3 GB ndi kachidutswa pa makina a 8 GB, kaone ngati sanakuikire Windows ya 32-bit. Imeneyo siitha kupitirira 4 GB, ngakhale uwonjezere RAM yochuluka bwanji. Mankhwala ake ndi kuika ya 64-bit, osati kugula zina.

Chimene uyenera kuchiopa ndi fulashi kapena memori khadi yotchipa modabwitsa. Akathyali amaisintha m'kati kuti izinamiza kompyuta. Papepala 256 GB, pa sikirini nambala yosangalatsa, pomwe malo enieni mwina ndi 8 GB. Masiku oyamba imagwira bwinobwino. Ikadzaza malo ake enieniwo, imalandirabe mafayilo osadandaula, mayina n'kumaoneka onse pamndandanda. Tsiku lodzatsegula zithunzi za ukwati wa mlongo wako, kapena pulojekiti yoti upereke kukoleji mawa lake, n'kupeza palibe chikutseguka.

Ndiye usamadalire nambala ya pa sikirini. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso zomwe kalemba, n'kukuuza malo enieni. Pa fulashi yaikulu kamatha kutenga maola angapo. Yesa tsiku lomwe wagulalo, lisiti lili m'thumba, usanaikemo chilichonse chimene ulibe kwina.