Makina a Riso: Njira Yosindikizira Timabuku ndi Magazini Mosaboola M'thumba

Makinawa ndi otani?

Kunja kwake amaoneka ngati makina a fotokope, koma m'kati mwake amagwira ntchito mosiyana. Amapangidwa ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Riso Kagaku, yomwe idakhazikitsidwa mu 1946, ndipo adayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1980. Aphunzitsi akale akukumbukira makina a Gestetner opukusa ndi dzanja aja. Riso imatsata njira yomweyo ya sitensulo, kungoti zonse imachita yokha. Ndi yoyenera masukulu, mipingo, makopaletivi ndi mashopu amene amasindikiza mayeso, timabuku ta nyimbo, makalata a nkhani kapena magazini ang'onoang'ono.

Amagwira ntchito bwanji?

Mumaika tsamba pagalasi kapena kulitumiza kuchokera pakompyuta. Makinawo amaboola timabowo tosaoneka ndi maso pa kapepala kopyapyala kotchedwa masta, kenaka n'kukakulunga pa dramu ya inki. Dramuyo ikamazungulira, inki imadutsa m'timabowoto ngati ufa pa sefa n'kudinda papepala. Masta imodzi imatha kutulutsa makope zikwi zingapo, ndipo makina ambiri amadinda masamba oposa 100 pa mphindi imodzi. Popeza alibe chotenthetsera ngati cha mu fotokope, sadya magetsi ambiri.

Phindu lili pa kuchuluka

Tsamba lililonse latsopano limafuna masta yakeyake. Ngati mukufuna makope asanu okha, pitani pa fotokope. Koma ngati mukufuna makope mazana angapo a tsamba limodzi, mtengo wa masta umagawanika, ndipo chotsala n'kungolipira pepala ndi inki pang'ono.

Kukonza kabuku

1. Pepala limodzi la A4 likapindidwa pakati limapereka masamba anayi. Choncho masamba a kabuku kanu akhale 8, 12, 16, kumapita choncho.
2. Yambani mwapinda mapepala osalemba n'kulembapo manambala, kenaka muwatambasule kuti muone masamba oyendera limodzi. Pa kabuku ka masamba 8, tsamba 8 limakhala pambali pa 1, tsamba 2 pambali pa 7, tsamba 6 pambali pa 3, ndipo 4 pambali pa 5.
3. Dindani kope limodzi, muliwerenge bwinobwino. Cholakwika chikadutsa apa chituluka pa makope onse.
4. Mukamaliza mbali imodzi, siyani mapepalawo aume kwa maola angapo, kapena agone, musanadinde kuseri. Mukapupuluma, inki idzamatirira pa matayala okoka mapepala n'kusiya mizere yakuda.
5. Sanjani masamba, pindani, menyani sitepula yaitali mkono pamsana, kenaka dulani m'mphepete kuti mufanane.

Zofunika kusamala

Inki ya Riso ndi ya mafuta ndipo imauma polowerera m'pepala. N'chifukwa chake pepala lonyezimira siliyenera. Gwiritsani ntchito pepala wamba. M'nyengo ya dzinja mapepala amayamwa chinyezi, amapindika ndi kukodwa m'makina. Asungeni pa shelefu, osati pa simenti, ndipo musatsekule rimu musanaifune. Musanawaike m'makina, apeperetseni ndi chala kuti alekane. Pewani chithunzi chakuda bii kumutu kwa tsamba, chifukwa pepala limakakamira pa dramu. Mukaweruka fundikani makinawo kuopa fumbi, ndipo kumene magetsi amathimathima ikani chotetezera kuti asapse.

Zimene sangathe

Dramu imodzi imanyamula mtundu umodzi wa inki. Kuti muonjezere mtundu wina, monga wofiira pa chikuto, pa makina a dramu imodzi muyenera kusintha dramu n'kubwezamo mapepala omwewo, ndipo nthawi zina mitunduyo siigwerana ndendende. Magazini ya zithunzi za mitundumitundu kapena buku lalikulu la makope zikwizikwi, pitani nalo kwa osindikiza akuluakulu.

Musanagule

Funsani ngati masta ndi inki za mtundu wa makinawo zimapezeka pafupi, pakuti za mtundu wina sizilowa. Funsaninso ngati kuli mmisiri wodziwa kuwakonza. Ngati ndi ogwirapo kale ntchito, onani nambala ya makope amene adatulutsa, ndipo wogulitsayo adinde tsamba lanu inu mukuona.