Za Phala la M'mamawa la Ana a Sukulu

Inu makolo, tiyeni tiwerenge pamodzi nthawi imene mwana wa sukulu akhala wosadya. Adya nsima dzuwa litalowa, nagona. M'mamawa adzuka, nasesa pabwalo kapena kutunga madzi, nayenda ulendo wa ku sukulu wopanda kanthu m'mimba. Pofika kwao dzuwa litapendeka, apita maora 18 kapena kuposa cidyere cace. Munthu wamkuru sakhoza kutsiriza ndime yace motero. Nanga mwana adzagwira bwanji masamu?

Cifukwa cace ndi ici. Cakudya cikalowa m'mimba cisanduka shuga, amene mwazi umnyamula kunka naye ku ziwalo zonse. Ndipo bongo, ungakhale uli waung'ono, udya gawo lalikuru la shugayo, makamaka mwa ana. Ciwindi cisunga wina monga m'nkhokwe, koma usiku wonse thupi litapamo, ndipo pakuca yacepa ndithu. Pamenepo mwana ayamba kuodzera, mau a mphunzitsi angompitirira, ndipo ena amuyesa waulesi kapena mbuli, pamene cimbvuta ndi njala yokha.

M'caka ca 1994 Boma la Malawi linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo ana anacuruka kufikira pafupi mamiliyoni 3. Koma ambiri analekera panjira, ndipo njala inali cimodzi ca zifukwa zace. M'caka ca 1999 bungwe la World Food Programme linayamba kupatsa ana phala m'sukulu zina za ku Dedza. Pa njala ya 2002 anafika kuno munthu wa ku Scotland, dzina lace Magnus MacFarlane-Barrow, ndipo pa zimene anaziona panabadwa nchito ya Mary's Meals. Inayamba ndi ana 200 okha, koma pambuyo pace inapitirira ana miliyoni imodzi m'Malawi muno mokha. Ophika ace ndiwo anthu a m'midzi momwemo, makamaka amai, amene alawira kusanace osalandira malipiro.

Phala limeneli lichedwa Likuni Phala, potengera dzina la misyoni ya Likuni, pafupi ndi Lilongwe. Ufa wace ndi cimanga cosakaniza ndi soya, naonjezamo mavitamini ndi ayironi. Cimanga cipatsa mphamvu, soya amanga thupi, ndipo ayironi ndiye athandiza kupanga mwazi; mwana wosowa ayironi ayera m'zikhato ndi m'zikope, natopa msanga.

Tsono pali mau amene ndifuna kuti muwamvetse, pakuti phala likhoza kupsa ku sukulu koma mwana wanu osapindula nalo. Alipo makolo amene anena, Wadya kale ku sukulu ameneyo, nampungulira nsima yace ya masana. Uku ndiko kulanda ndi dzanja lamanzere cimene capatsidwa ku dzanja lamanja. Cikho cimodzi ca phala sicikwanira tsiku lonse. Anacikonza kuti cionjezere pa za kwanu, si kuti cilowe m'malo mwace ai. Ndiponso anyamata ndi atsikana osinkhuka acita manyazi kuima pamzere ndi cikho pamodzi ndi ang'ono, nayesa phala cakudya ca makanda, cinkana iwo ndiwo akukula msanga, nasowa cakudya cambiri; atsikana otha msinkhu asowa ayironi koposa onse. Muwalangize amenewa. Wina acedwa ndi nchito za pakhomo, nafika mphika utatha. Wina alibe cikho. Zing'onozing'ono izi, koma zimana mwana cakudya, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zambiri ziri gwa.

Ndipo tsiku la mudzi wanu lakuphika likafika, musasiyire amai okha. Nkhuni ndi madzi zifuna amuna omwe.

Kumene sukulu iribe phala, mukhoza kulikonza nokha. Tengani mbale 4 za cimanga ndi mbale imodzi ya soya. Soyayo muyambe mwamkazinga kufikira afiira pang'ono, pakuti wosakazinga abvuta m'mimba, nanunkha. Mukatero mugayitse zonse pamodzi, osakonola cimanga, popeza mgaiwa uposa ufa woyera pa zofunika m'thupi. Ngati soya palibe, thirani nsinjiro. Likasowa ndi phala lomwe, mbatata yophika dzulo, makamaka yofiira m'kati, kapena nthoci ziwiri, mwana adye asananyamuke.