Njinga yamoto yafa ku Makanjira, ndiinyamule bwanji?

Funso: Akatswiri, njinga yanga ya kabaza yafa injini kuno ku Makanjira, ndipo makaniko amene ndimamudalira ali ku Mangochi boma. Ndiinyamule bwanji osaiwononga?

Yankho: Achimwene, pezani pikapu, ndipo musalole kuti njingayo aigoneke pa matumba a usipa monga ambiri amachitira. Ikagona, petulo ndi oilo zimatayika. Tsekani kampopi ka petulo, makamaka mungomukhuthula yense.

Njinga zotere zimaposa makilogalamu 100, choncho poikweza pa thabwa mukhale anthu atatu, wina atagwira buleki. Tayala lakutsogolo ligunde kumutu kwa bodi, muiike m'giya yoyamba, iime chilili osatsamira sitandi, chifukwa sitandi imapindika pa mabampu. Zingwe zikhale zinayi: ziwiri kutsogolo, zokoka mpaka mashoko atatsikako pang'ono, ziwiri kumbuyo. Zamphira zija ndi zomangira nkhuni, zisiyeni.

Msewu wathuwu mukuudziwa, umamasula mfundo iliyonse. Imani pa Lungwena ndi pa Malindi, mukungenso zingwe.

Ena amaolotsa njinga pa boti kupita ku Salima, koma nyengo ya mwera ine sindingakulangizeni zimenezo. Mapepala a njinga musawaiwale, apolisi pa rodibuloko angawafune.